Nyumba Yopanda Chiboo ku Joni

Kalekale, masiku amene amuna a m'chigwa cha Shire ankakhamukira kummwera kukasaka ntchito, kunali munthu wina dzina lake Mailosi. Kwawo kunali ku Chikwawa, kumene munthu amathawa m'nyumba n'kukagona pabwalo chifukwa cha kutentha, koma iye anakakhazikika m'tauni ina ya migodi kufupi ndi Joni. Ankagwira ntchito yophika buledi, ndipo zinthu zitayamba kumuyendera anaitanitsa mkazi wake Dolika.

Awiriwa ankakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya abwana. Pophikira panali pomwepo, pogona pomwepo, pochezera alendo pomwepo. Dolika anachira kawiri m'kachipindako, ndipo kawiri konse mwana anamwalira mchombo usanagwe. A kuchipatala anati ndi chibayo. Amayi akumudzi amene ankakhala m'tauniyo ananena zawo: kwathu mayi akachira amabindikira m'chikuta ndi khanda lake, pamoto, mwamuna osapondamo phazi, chifukwa mwamuna wotentha amadula mwana. Nanga m'chipinda chimodzi chikuta chikanasungika bwanji? Mailosi ankalowa n'kutuluka, anzake odzamuona chimodzimodzi. Iye sanadziwe kuti akhulupirire ziti, choncho anaopa zonse ziwiri, chisanu ndi mdulo, ndipo mumtima ankadziona kuti ndiye anapha ana ake.

Dolika ataima kachitatu, Mailosi anasowa tulo. Amati mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, ndipo iye anali atapitamo kale kawiri. Analumbira kuti mwana uyu adzabadwira m'nyumba ya zipinda ziwiri, yosalowa mphepo, kuti adzatuluke m'chikuta wamoyo. Nyumba imene anakwanitsa kugula inali bwinja la kumapeto kwa lokeshoni. Khoma limodzi linali litagwa theka, malata anali ngati sefa, zitseko anthu anazula kale n'kukasonkhera moto, ndipo m'chipinda chogona galu anali ataswera ana. Mitengo inali itayamba kuyoyola masamba, pamene Dolika ankayembekezeka kuchira mu Juni, mwezi umene madzi amauma gwa m'ndowa kumeneko.

Mutu umodzi susenza denga. Abale amene Mailosi anali nawo m'dziko la enilo anali atatu, ndipo onse anabwera osachita kuitanidwa kawiri.

Woyamba anali mkulu wake Zuze. Kumudzi Zuze anali mmisiri wotchuka womanga nyumba, koma ku Joni anali atangofika kumene, ndipo ntchito imene anapeza inali yokankha wilibala ya njerwa pamalo ena omanga. Zimenezi zinkamuwawa, choncho pa nyumba ya mng'ono wake ndi pamene anafuna kuonetsa anthu kuti iye ndi ndani. Akaweruka ankathamangira kumeneko. Anadzutsa khoma lakugwa lija, anasintha malata, anaika siling'i, anapaka pulasitala. Ali pa ntchitoyo anapeza kuti pamwamba pa makoma pali njerwa zina zobowokabowoka, ndipo pakona ya chipinda chogona pali chumuni chakale chimene mphepo inkalira nacho. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati eni dziko amadzitama kuti amadziwa kumanga, koma amasiya ziboo dala, kenako n'kumadandaula za chisanu. Anamata njerwa zonse zija ndi simenti, chumuni anachitseka, kenako ankanyowetsa chala ndi malovu n'kumayenda nacho m'mbali mwa makoma. Paliponse pamene chazizira, simenti phwa! Atamaliza anayatsa machesi pakati pa chipinda tsiku la mphepo yamkuntho, ndipo lawi linaima njo, osagwedezeka. Sanafunse munthu ndi mmodzi yemwe chifukwa chimene ziboozo zinasiyidwira. Paja safunsa anadya phula.

Wachiwiri anali Fombe, mlongo wake wa Dolika, kalipentala wosakonda zolankhulalankhula. Fombe atsotsi anamuthyolerapo nyumba n'kumumenya mpaka kukomoka, ndipo kuyambira pamenepo chitseko chilichonse ankachiyang'ana ndi maso a wakuba. Cha chipinda chogona anachipanga ndi matabwa ochindikala a mumgodi, cholemera choti amuna atatu anachita kubuula pochinyamula. Anachipala bwinobwino mpaka chinkatsekeka osasiya mpata woloweka ngakhale mpeni. Mahinjesi anawabisa m'kati, mpiringidzo wachitsulo m'katinso. Pawindo anaika zitsulo, galasi, ndi thabwa lotsekera cham'kati. Anakhomanso bedi, tebulo ndi mashelefu, zonse osalandira kanthu. Tsiku limene anamaliza anamenya chitsekocho ndi chikhatho n'kunena kuti, "Alamu, ichi chikatsekedwa m'kati, ngakhale abwere khumi abwerera okha."

Wachitatu anali a Nachisale, azakhali ake a Mailosi, amene anakalambira ku Joni akuchapa zovala za azungu. Lilime lawo linali lakuthwa, koma manja awo anali atalandira ana ambiri a anthu akumudzi m'lokeshonimo. Iwo ndiwo anaveka nyumbayo. Zimene dona wawo ankataya, iwo ankasenza pamutu: makatani olemera, kapeti yothothoka pakona, matiresi, mabulangete, mipando iwiri yosiyana miyendo, mbale ndi makapu. Anachapa, anasoka, anayala, mpaka bwinja lija linayamba kununkhira anthu. Pomaliza anabwera ndi mbaula yatsopano ndi thumba la malasha. Anati chikuta chopanda moto si chikuta. Ndipo sananame, chifukwa kwathu moto wa m'chikuta suzima. Kungoti kwathu ndi moto wa nkhuni, ndipo utsi umatulukira m'denga la udzu. Ku Joni nkhuni zinali zosowa, aliyense ankawotha malasha, ndipo a Nachisale anazolowera kuwotha m'kachisakasa kawo ka malata kamene mphepo inkalowa mbali zonse.

Mailosi ndi Dolika analowa m'nyumbamo chisanu chitangoyamba kuluma. Anthu ankabwera kudzaiona n'kumagwira makoma, ndipo Mailosi ankayenda chifuwa chili patsogolo. Pasanapite nthawi Dolika anachira mwana wamkazi, wonenepa, wamawu. A Nachisale anatseka chitseko cha chipinda chogona, n'kulamula kuti kuyambira pamenepo chimenecho ndi chikuta. Mailosi anayala mphasa pabalaza. Mwana wake sanamuone nkhope, ankangomumva kulira kuseri kwa chitseko, ndipo kulira kulikonse kunkamutsitsa mtima pansi. Masiku oyamba a Nachisale ankalowa n'kutuluka pafupipafupi, chitseko chikutseguka, mbaula ikutulutsidwa panja ikatha ntchito, ndipo zonse zinkayenda bwino.

Ndiye kunacha tsiku lina kutayera mbee ndi chisanu, udzu ukuthyoka pansi pa phazi. Dona wa a Nachisale anali atatumiza mawu kuti akapanda kubwera kudzachapa tsikulo asadzabwerenso. Gogoyo anayatsa mbaula panja, malasha atagwira anailowetsa m'chikuta, n'kuwonjezera ena ambiri kuti moto ufike masana iwo akamadzabwera. Anatseka thabwa la pawindo, anakoka makatani, anauza Dolika kuti apiringidze chitseko, ndipo pansi pa chitsekocho anatsekapo ndi chiguduli kuti kamphepo kasapeze polowera. Potuluka anamuloza chala Mailosi.

"Iwe, chitseko ichi chisagwiridwe ndi mwamuna, ngakhale iwe amene. Ukaphwanya mwambo ulendo uno, usadzandiitane kumanda."

Mailosi anali atapempha tchuthi kuntchito, ndipo m'mawa umenewo ankapaka laimu pabalaza. Anamva mwana akulira, kenako akulira motsika, kenako chete. Anathokoza Mulungu kuti mwana wakhuta, wafundidwa. Dzuwa litakwera anafunsa pachitseko ngati zonse zili bwino, ndipo Dolika anayankha ndi mawu olemera kuti mutu ukumuwawa, akufuna agoneko pang'ono. Mailosi anamuuza kuti agone. Anayamba kuyenda monyang'ama, ndowa ya laimu n'kumaiika pansi pang'onopang'ono kuti isawadzutse. Nyumba yonse inali zii, ndipo iye anasangalala ndi bata limenelo.

Asanamalize khoma lachiwiri anamva mapazi a munthu wothamanga. Anali Zuze, wopanda chipewa, simenti mpaka m'maondo, mpweya ukumuthera. Nkhani yake inatuluka modukaduka. Kuntchito kwawo m'mawawo kanyumba ka alonda sikanatseguke. Atathyola chitseko anapeza alonda awiri ali pamphasa zawo ngati agona, koma atauma kale, mbaula ili pakati, mipata yonse atatseka ndi nsanza. Mnzake wina wa m'dzikomo anamulozera njerwa zobowoka pa khoma limene ankamanga, n'kumuuza kuti zimenezo ndizo mphuno za nyumba, ndipo malasha m'chipinda chotsekeka amapha mwakachetechete, popanda utsi woti munthu n'kuuona. Zuze anangosiya wilibala pomwepo. Kapitawo anakuwa kuti akatuluka pageti asadzabwererenso, koma iye sanacheuke. Panjira anadutsira pa shedi ya Fombe n'kumukuwira kuti atenge zida amutsatire.

"Tsegula chitseko icho, Mailosi. Nyumba ino ndinaitseka mphuno ndine."

Mailosi anamva zonsezo, koma mutu wake unagwira chimodzi chokha, chakuti mwamuna akufuna kulowa m'chikuta. Anataya bulashi n'kukaima pachitseko, manja atatambasula.

"Achimwene, ana awiri ndakwirira m'dziko lino. Wachitatuyu musandiphere ndi mapazi anu."

"Mdulo uli ndi mankhwala, mng'ono wanga. Chili m'katimu chilibe."

Mailosi anati angogona basi. Zuze anamuuza kuti ngati agona awadzutse. Mailosi anagogoda pang'ono, kenako mwamphamvu, kenako ndi zibakera zonse ziwiri. Anaitana Dolika, anaitananso ndi dzina la mfunda wake limene ankamuitanira akakhala awiri. Sikunamveke ngakhale kutembenuka kwa munthu pabedi. Komabe sanachoke pachitseko. Anati adikire azakhali, kapena aitane mayi wina woyandikana naye, mkazi ndiye alowe. Musamuseke Mailosi, inu amene simunaikepo mwana m'manda. Munthu amene wauzidwa kawiri kuti wapha mwana ndi phazi lake amaopa phazilo kuposa moto.

Zuze anamukankhira kumbali n'kudziponya pachitseko ndi phewa. Chitseko sichinagwedezeke, limene linagwedezeka ndi phewa. Anathamangira panja, anaswa galasi la pawindo, koma kuseri kwa zitsulo kunali thabwa lija, lolimba ngati mwini wake. Ndiye anakwera pa mgolo ndi nyundo m'dzanja lamanzere, n'kuyamba kuswa pulasitala wake yemwe, pamalo pamene ankakumbukira kuti panali njerwa zobowoka. Ankamenya uku akulira, simenti ikumugwera m'maso, mpaka ziboo zinayamba kuoneka chimodzichimodzi.

Fombe anafika ndi thumba la zida n'kupeza Mailosi wabwerera pachitseko, akubwereza mawu omwe aja akuti tidikire azakhali. Fombe anali ndi mkazi kunyumba, ndipo iye ndi Mailosi ankadziwa kuti pa mwambo munthu wotero ndi mwamuna wotentha. Sanakweze mawu.

"Alamu, amene ali m'katimu ndi mlongo wanga, ndipo mwanayo ndi wa mbumba yanga. Mlandu ukadzabwera udzabwere kwa ine. Chokani."

Mailosi anachoka pachitseko n'kungokhala pansi mu laimu wotayika. Fombe sanalimbane ndi chitseko monga anachitira Zuze. Anayendetsa zala pa thabwa lapakati mpaka anapeza zikhomo zimene anazibisa yekha pansi pa penti, anazikhomera m'kati, thabwalo linafooka, ndipo anapisa dzanja n'kusolola mpiringidzo. Chitseko chitatseguka munatuluka mpweya wofunda, wolemera, umene unamuzunguza mutu Mailosi ali pabalaza pomwepo. Fombe analowa. M'katimo munali mdima wa makatani. Anamupeza Dolika ali lobodo m'mphepete mwa bedi, dzanja limodzi litaloza kuchitseko, ndipo anamukhwekhwereza pa bulangete mpaka pabwalo. Anabwereranso. Mwana sankaoneka, anali atakwiririka mu mulu wa mabulangete, ndipo pofufuza Fombe anapunthwa pa mbaula, malasha amoto n'kumukhuthukira pamwendo. Sanaime. Anatuluka akudzandira ngati woledzera, n'kugwada pakhomo mwana atamukweza m'mwamba kuti asagwe naye.

Dolika atamenyedwa ndi mphepo ya panja anabuula, anasanza, anayamba kupuma. Koma mwana anali lende, maso otseka, osalira, osagwedezeka. Amuna atatu aja anangomuyang'ana, osadziwa pomugwira. Anthu oyandikana nawo anali atadzaza pabwalo, ndipo mayi wina anayamba kulira maliro. Umu ndi mmene Mailosi anaonera nkhope ya mwana wake koyamba, ndipo mtima wake unamuuza kuti ndi komaliza.

A Nachisale ankabwera ndi mtolo pamutu pamene anaona khamu pakhomo. Anauponya pansi n'kuthamanga, gogo amene ankadandaula maondo tsiku lililonse. Anaona chitseko chothyoka, anaona khanda m'manja mwa mwamuna, koma sanafunse kanthu.

"Bweretsa kuno. Ndipo iwe ukulirawe tseka pakamwa, pano palibe maliro."

Anakhala pansi, anamuvula mwana nsalu zonse, anamuyamwa mphuno n'kulavula, kenako anaphimba kamwa ndi mphuno zake ndi milomo yawo n'kumamuuzira mpweya pang'onopang'ono. Ankamusisita pachifuwa ndi zala ziwiri, kumumenya kumapazi, kumuuziranso. Mwana anali chete. Bambo wina wachikulire anawagwira paphewa n'kunena kuti amusiye, wapita ameneyo, ndipo iwo sanadzutse n'komwe mutu. Mpweya unayamba kuwathera, thukuta likuyenderera m'chisanu chimenecho, koma anapitiriza. Mailosi anatseka maso. Ali chitsekere anamva kanthu kakuyetsemula, kenako kulira kwakung'ono, kosasa, ngati kwa kamwana ka mbuzi. A Nachisale anamulowetsa mwanayo m'malaya mwawo, khungu pa khungu, ndipo pamenepo m'pamene iwo anayamba kulira.

Mayi ndi mwana anatengeredwa kuchipatala, ndipo patapita masiku anabwerako ali bwino. Zuze anatsegula ziboo zonse ndi chumuni chomwe, ndi dzanja limodzi, chifukwa phewa linali litaguluka. Ntchito ya wilibala ija inathera pomwepo. Fombe anabwezera thabwa pachitseko akutsimphina ndi bala la moto. A Nachisale anasaka mankhwala n'kumusambitsa mwana kuti mapazi a amuna aja asamudule, ndipo mbaula sinalowenso m'nyumbamo. Mchombo unagwa, mwana ali moyo.

Lamlungu lotsatira anthu akumudzi a m'lokeshonimo anasonkhana kudzatulutsa mwana m'chikuta. Mwana satuluka wopanda dzina, ndipo dzina amatcha ndi munthu mmodzi, amene amamunyamula pamaso pa onse n'kukhala naye pa ubale wapadera moyo wake wonse. Mailosi anaimirira mtima utadzaza chiyamiko, ndipo pakamwa panathamanga kuposa mutu. Anati dzina la mwana uyu atche ndi amene anamupulumutsa. Iye ankayesa kuti wanena mawu abwino. Atakweza maso anaona kuti anthu atatu aimirira.

Zuze ndiye anayamba. Anati iye akanapanda kusiya ntchito n'kuthamanga, bwenzi Mailosi akupakabe laimu mpaka masana, akuyenda monyang'ama pakhomo pa mitembo iwiri. Fombe akanakhala ku shedi kwake akupala matabwa, azakhali akanapeza mwana atazizira kale. "Chitseko amatsegula ndi munthu amene wauzidwa kuti atsegule," anatero. "Anadziwa ndani? Anakuwa ndani? Ndipo mpweya woyamba kulowa m'chipindamo unalowera pa ziboo zimene ndinaswa ine." A Nachisale anamuyankha ali chiimire kuti wotseka ziboozo analinso iye, ndipo munthu sayamikidwa chifukwa chozimitsa moto umene wayatsa yekha.

Fombe analankhula mwachidule monga mwa khalidwe lake. Anati kudziwa ndi kukuwa sikunatulutse munthu m'chipinda; Zuze anadziwa, koma anathyoka phewa chitseko chili chitsekere. Iye ndiye anatsegula, iye ndiye analowa kawiri mu mpweya wakupha, iye ndiye anasenza mlandu wa mwambo umene bambo wa mwana anaopa kuusenza. "Ndipo musaiwale kuti ndine malume wake," anatero. Zuze anaseka mowawa n'kufunsa kuti anapanga ndani chitseko chimene chinakana phewa la munthu, anakhoma ndani thabwa pawindo. Chikanakhala chitseko wamba, iye akanachigwetsa yekha Fombe asanafike n'komwe.

A Nachisale anayembekeza kuti onse atope. Kenako anafunsa anthu kuti chimene Fombe anatulutsa m'chipinda chinali chiyani, mwana kapena mtembo. Anakumbutsa kuti maliro anali atayamba kale pabwalopo, amuna atatu ali chiimire ngati zitsa. "Uyu anathamanga, uyu anatsegula, zikomo. Koma mpweya umene mwanayu akupuma lero unachokera m'chifuwa changa." Fombe anayankha motsitsa kuti mbaula sinalowe yokha m'chipindamo, chiguduli sichinadziike chokha pansi pa chitseko, ndipo mawu amene anaimika Mailosi pakhomo ngati mlonda anachokera m'chifuwa chomwecho.

Pabwalo panabuka phokoso. Ena anali kumbali ya Zuze, ena ya Fombe, amayi ambiri ya a Nachisale, ndipo panali ena amene anati onse atatu ndi olakwa, dzina litchedwe ndi mlendo. Koma mawu a Mailosi anali atatuluka kale pamaso pa anthu, ndipo onse anatembenukira kwa iye kuti aloze mmodzi. Iye anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti popanda atatuwa nyumbayo ikanakhala bwinja la agalu, mwana n'kubadwiranso m'kachipinda kaja. Ankadziwanso kuti aliyense anamupweteka ndi dzanja lomwelo limene anamuthandiza nalo, mwa chikondi, osati mwa nkhanza. Ndipo manyazi ankamudya, chifukwa pa anthu onse a tsiku lija, amene sanachite kalikonse kopulumutsa mwana anali iye.

Dolika anali atakhala pamphasa pakhomo, mwana ali pamiyendo. Atakweza dzanja anthu anakhala chete.

"Ine ndinkamva zonse tsiku lija," anatero. "Thupi linali litafa, koma makutu ankamva. Ndinamva alamu akukuwa. Ndinamva nyundo pakhoma. Ndinamva inu bambo mukuti tidikire." Mailosi anafuna kuti nthaka imumeze, koma mkaziyo sanali kumuzenga mlandu. Anaimirira n'kuika mwanayo m'manja mwa mwamuna wake. "Sankhani, koma musankhe mukudziwa ichi. Mwanayu akadzakula adzafunsa kuti anamutcha dzina ndani, ndipo chifukwa chiyani. Amene mumuloze lero adzakhala womupulumutsa mpaka kalekale. Awiri otsalawo adzangokhala amene anatsala pang'ono kumupha."

Zuze anagwira phewa lake, Fombe anayang'ana bala la pamwendo, a Nachisale anapukuta milomo ndi nsonga ya chitenje. Chakudya chinazizira m'mbale, mthunzi wa nyumba unafika pamene panakhala alendo, ndipo Mailosi anali chiimire pakati pa bwalo ndi mwana wopanda dzina m'manja, m'dziko la eni kumene abale ake onse anali atatu omwewo.

Ine nkhaniyi ndaitula pamaso panu, ndipo sindikuthandizani kuisenza. Wina anadziwa n'kuthamanga, koma ndiye anatseka mphuno za nyumba. Wina anatsegula n'kulowa, koma ndiye anapanga chitseko chosathyoka. Wina anabweza mpweya, koma ndiye analowetsa moto n'kuletsa anthu kulowa. Inu mukanakhala Mailosi, mwanayo mukanamupereka m'manja mwa yani kuti amutche dzina?